Mboni ziwiri za ku Yezreeli

Lero tikambirane za lamulo lachisanu ndi chinayi, lija lili pa Eksodo 20:16, loletsa kuchitira mnzathu umboni wonama. Ambiri timaliona ngati laling'ono poyerekeza ndi kupha kapena kuba. Koma nkhani ya Naboti, pa 1 Mafumu 21, ikutionetsa kuti pakamwa pa mboni pangathe kupha munthu ndi kumulanda katundu tsiku lomwelo.

Naboti anali ndi munda wa mpesa ku Yezreeli, pafupi ndi nyumba ya mfumu Ahabu. Mfumuyo inaufuna kuti iusandutse dimba la ndiwo, ndipo inalonjeza ndalama kapena munda wina wabwino koposa. Naboti anakana, chifukwa unali cholowa cha makolo ake. Sikunali kuuma mutu ayi, popeza Levitiko 25:23 amaletsa kugulitsiratu nthaka, pakuti mwini wake ndi Mulungu.

Yezebeli, mkazi wa Ahabu, sanatume asilikali. Analemba makalata m'dzina la mfumu, nawadinda ndi chidindo chake, kuuza akuluakulu a mzindawo kuti alengeze tsiku losala kudya, akhazike Naboti pamaso pa anthu, ndi kupeza amuna awiri omuneneza kuti watemberera Mulungu ndi mfumu. Nanga bwanji awiri? Chifukwa Deuteronomo 17:6 salola kuti munthu aphedwe pa mawu a mboni imodzi. Lamulo limene linaikidwa kuti liteteze wosalakwa ndi lomwe anamuphera nalo. Anamutulutsa kunja kwa mzinda, namuponya miyala mpaka kufa.

Taonani kuchuluka kwa anthu amene ananyamula bodza limodzili. Wina analikonza, awiri analilankhula, akuluakulu anali kudziwa zoona koma anangokhala chete, ndipo Ahabu anapita kukatenga munda. Mulungu anatuma Eliya kukakumana naye m'munda momwemo, ndipo mlandu wa kupha unaikidwa pa Ahabu, ngakhale sanagwire mwala. Wopindula ndi bodza sangasambe m'manja.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira ndili mphunzitsi. Tsiku lina ndalama inasowa m'kalasi, ndipo anyamata awiri anati anaona mnzawo akuitenga. Ndinamulanga pamaso pa onse. Patapita masiku ndalamayo inapezeka m'buku la mwini wake, ndipo awiri aja anavomera kuti anali naye chidani cha kumpira. Ndinapepesa, koma dzina loti wakuba linamukakamira mwanayo mpaka chaka chinatha. Ndalama imabwezeka, mbiri ya munthu sibwerera msanga.

Nanga ife lero? Umboni sitipereka kukhoti kokha. Timaupereka pabwalo la amfumu pa mlandu wa malire a munda, pa maliro pogawa katundu wa womwalira, ndi pafoni potumiza nkhani imene sitinaione ndi maso athu. Mayi wamasiye akamalandidwa munda, inu mukudziwa pomwe panali malire, koma mwakhala chete chifukwa wolandayo ndi m'bale wanu, mwakhala pampando wa akuluakulu a ku Yezreeli. Levitiko 5:1 amanena kuti wodziwa nkhani koma osaiulula atafunsidwa ali ndi mlandu.

Tisaiwale kuti Ambuye wathu Yesu naye anaimirira pamaso pa mboni zonama. Mateyu 26 amatiuza kuti zinabwera zambiri, ndipo pomaliza zinabwera ziwiri. Iye amadziwa ululu wa munthu wonamiziridwa. Ngati pali wina amene munamuipitsira dzina, pitani sabata ino mukakonze, ndipo mukakonzere pamaso pa anthu omwe anamva bodzalo.

Tipemphere. Mulungu wa choonadi, sungani pakamwa pathu, ndipo mutipatse mtima wolimba wonena zoona ngakhale zitatidanitsa ndi abale athu, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.