Pemphero Lopempherera Mdani Liyambira Pati?



Zaka zingapo zapitazo, ndikutumikira pa parishi ina ya kumudzi, mayi ena amasiye anandipeza kuseri kwa tchalitchi Misa itatha. Anagwada pansi, nanena motsitsa mau kuti: "Bambo, ine pemphero la Atate Athu ndimalinena pamodzi ndi anzanga, koma tikafika pamene titchula za kukhululukira adani, ndimatseka pakamwa mpaka anzanga apitirire. Kodi ndikuchimwa?" Nditafunsitsa, ndinamva kuti amuna ao atamwalira, achibale a malemuwo anabwera misozi isanaume, natenga njinga, mbuzi, malata a padenga ndi dimba la kudambo. Amene anatsogolera zonsezi anali alamu ao, mkhristu mnzathu, amene Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi la kutsogolo m'tchalitchi lomwelo.

Kunena zoona, mayiwo anandichititsa manyazi. Ine pempheroli ndimalinena kangapo pa tsiku, ndipo nthawi zambiri mau ake angodutsa pakamwa panga ngati madzi m'ngalande. Iwo anali kumva kulemera kwa mau amene anali kuwaopawo. M'Chigriki cha Mateyo Woyera pempho limeneli linena za ngongole ndi za anthu amene ali ndi ngongole kwa ife. Koma amene anatimasulira pempheroli m'chinenero chathu sanazungulire ai, anatchula adani poyera. Ndipo mwa mapempho 7 a m'pempheroli, ndi lokhali limene Ambuye anabwereza kulifotokoza atangomaliza kuphunzitsa. Mukawerenge pa Mateyo 6:14-15, mukaona kuti chikhululukiro cha Atate achimangirira pa chikhululukiro chathu. Tsono kudumpha mauwo sikungatipulumutse, kuwanena mwabodza sikungatipulumutsenso. Nanga tichite chiyani?

Yankho lili m'dongosolo la Misa lenilenilo. Taonani kuti Eklezia, pokhala mayi wanzeru, saika pemphero la Atate Athu pa chiyambi cha Nsembe ya Misa. Aliika chakumapeto, Thupi ndi Magazi a Ambuye zili kale pa guwa, titangotsala pang'ono kupatsana moni wa mtendere ndi kulandira Ukaristia. Tisanafike pamenepo, Eklezia ayamba watiyendetsa ulendo, ndipo ulendowo uyamba ndi ife eni ake, mdani asanatchulidwe nkomwe.

Kumbukirani pemphero lija louluka machimo limene tinena Misa itangoyamba. Tivomera kuti tachimwa m'maganizo, m'mau, m'zochita ndiponso posiya zabwino zimene tinayenera kuchita, ndipo tidzigunda pa chifuwa. Aliyense agunda chifuwa chake. Sindinaonepo munthu akutambasula dzanja kuti agunde chifuwa cha mnzake, ngakhale kuti kunja kwa tchalitchi imeneyo ndiyo ntchito imene tiidziwa bwino. Kale, Misa ikali m'Chilatini, wansembe ankanena pempheroli payekha, otumikira pa guwa nkudzanena lao pambuyo. Kuyambira pamene Papa Paul VI anakonzanso dongosolo la Misa m'chaka cha 1969, wansembe ndi mpingo tilinena pamodzi, ndipo aliyense apempha abale ndi alongo onse amene ali m'tchalitchimo kuti ampempherere kwa Mulungu. Mwamva bwino? Onse amene ali m'tchalitchimo. Ndiye kuti Lamulungu lililonse alamu aja ankapempha mapemphero a mayi amene anawalanda dimba, mayiwonso ankapempha mapemphero a alamu ao, onse awiri osazindikira.

Ndidziwa kuti wina akufunsa mumtima kuti: "Bambo, wolandidwa ndi ine, nanga ndilape chiyani?" Funsoli ndi loyenera, ndipo tiliyankhe mosamala. Eklezia sanena kuti wolandidwa ndi wolanda ali ndi mlandu wofanana, kapena kuti mayi amasiyewo anadziitanira okha tsoka lao. Ai ndithu. Chimene anena nchakuti pamaso pa Mulungu aliyense wa ife afika ali ndi ngongole yakeyake. M'fanizo la pa Mateyo 18, wantchito wina anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu yake, ndipo mnzake anali ndi ngongole ya madenari 100 kwa iye. Denari imodzi inali malipiro a munthu waganyu pa tsiku lathunthu, ndipo talente imodzi inali madenari 6,000. Chomwecho ngongole yoyambayo inali madenari 60 miliyoni, ndalama zimene munthu sangazibweze ngakhale atakhala ndi moyo zaka zikwi zambiri. Koma taonaninso kuti madenari 100 si kanthu kachabe: ndi thukuta la miyezi itatu ndi masiku ena. Ambuye sanyoza chimene mwataya. Angotikumbutsa kuti amene tikukakamira mnzathu pakhosi ndife omwe tangotuluka kumene m'nyumba ya mfumu titakhululukidwa zambiri. Paulo Woyera anena poyera pa Aroma 5:10 kuti Mulungu anatiyanjanitsa naye mwa imfa ya Mwana wake pamene ife tinali adani ake. Mdani woyamba kukondedwa m'nkhaniyi ndi ine ndi inu.

Apa ndi pamene tifika pa mau aja okoma amene tinawaphunzira pa katekisimu, akuti chaulere. Abale athu a mipingo ina amati chisomo, ndipo sanalakwe. Koma ine ndikonda mau athuwa chifukwa ngakhale mwana wamng'ono adziwa kuti chinthu chaulere sachigula pa msika. Kulapa kwenikweniko ndi chaulere. Mtima wokhululuka ndi chaulerenso. Tikaiwala zimenezi, tisandutsa lamulo la kukonda adani kukhala mtolo umene munthu wovulala kale ayenera kuusenza yekha.

Lachisanu lililonse m'mawa, ansembe, asisitere ndi onse amene anena mapemphero a Eklezia a pa tsiku apemphera Salimo 51, limene mabuku athu akale ankaliwerenga ngati Salimo 50. Ndi pemphero la Davide, mneneri Natani atamdzudzula chifukwa chotenga mkazi wa Uriya ndi kuphetsa mwamunayo ku nkhondo. Pakati pa salimoli Davide apempha Mulungu kuti alenge mwa iye mtima woyera. Mau a Chihebri amene ali pamenepo ndi omwe aja ali pa chiyambi penipeni pa buku la Genesis, ndipo m'Malembo Oyera mwini wake wa ntchito imeneyi ndi Mulungu yekha. Munthu aumba, asema, amanga, akonza; kulenga nkwa Mulungu. Davide anazindikira kuti mtima wake sungakonzeke ndi chigamba ngati malaya akale. Maepiskopi amene anasonkhana ku Orange, m'dziko la France la lero, m'chaka cha 529, potsata chiphunzitso cha Augustino Woyera, anatsimikiza zomwezo: ngakhale chifuniro chenichenicho chofuna kuyeretsedwa chibadwa mwa ife chifukwa cha ntchito ya Mzimu Woyera.

Nchifukwa chake munthu amene sangathe kukhululuka lero sanatsekeredwe kunja. Angathe kupempha mtima wokhululuka. Ngati ngakhale zimenezo zimkanika, angathe kupempha kuti Mulungu ampatse chifuniro chofuna kukhululuka. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'chaka cha 1992, avomera pa ndime 2843 kuti kusamva ululu kapena kuiwala chimene anatichitira sikuli m'mphamvu zathu. Chimene chili m'mphamvu zathu ndicho kupereka mtima kwa Mzimu Woyera, amene asandutsa bala kukhala pemphero lopempherera wotivulazayo. Pa Mateyo 5:44 Ambuye aika kukonda adani pamodzi ndi kuwapempherera, ndipo ine ndikhulupirira kuti anachita dala. Mtima sitingaulamule kuti ukondwe ukaona munthu wina, koma pakamwa tingapalamule kutchula dzina lake pamaso pa Mulungu.

Stefano Woyera anachita zomwezo miyala ikumgwera, ndipo mnyamata amene ankasunga zovala za oponya miyalawo anali Saulo, amene lero timtcha Paulo Woyera. Koma ndifuna ndikhalitse pa nkhani ya pafupi ndi masiku athu, ya mwana amene dzina lake ambiri a inu munapatsa ana anu pa ubatizo.

Maria Goretti anali mwana wa alimi osauka a ku Italy. Bambo ake anamwalira ndi malungo, ndipo banjalo linkakhala nyumba imodzi ndi banja lina pafupi ndi mzinda wa Nettuno. Pa 5 Julayi 1902, mnyamata wa m'banja linalo, Alessandro Serenelli, wa zaka 20, anafuna kumgwirira. Mwanayo atakana, anamlasa ka 14. Maria anamwalira m'chipatala m'mawa mwake ali ndi zaka 11, atanena kuti wamkhululukira Alessandro ndipo afuna kuti adzakhale naye kumwamba. Tsono mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri athamangira. Alessandro sanalape tsiku limenelo, ngakhale chaka chimenecho. Anakhala m'ndende zaka zingapo ali wouma mtima. Chikhululukiro chinatsogola, kulapa kunabwera pambuyo pake penipeni, ngati mbeu yogona m'nthaka youma kudikira mvula. Analamulidwa kukhala m'ndende zaka 30, nakhalamo 27. Pa Khrisimasi ya chaka cha 1934 ndi pamene anapita ku Corinaldo kukagwada pamaso pa mayi Assunta, amake a Maria, kupempha chikhululukiro. Panali patapita zaka 32. Mayiwo anaona kuti sangakane chimene mwana wao anapereka kale, ndipo awiriwo anapita limodzi ku Misa nalandira Ukaristia. Pamene Papa Pius XII anatchula Maria kuti ndi Woyera pa 24 Juni 1950, mayi Assunta analipo. Alessandro anatsiriza moyo wake akugwira ntchito pa nyumba ya amonke a Capuchin ku Macerata, namwalira m'chaka cha 1970.

Mwaona kuti chikhululukiro cha Maria sichinatsekule chitseko cha ndende. Makolo athu anati mlandu suola, ndipo Eklezia satsutsa zimenezo. Kukhululukira munthu ndiko kuleka kumfunira zoipa ndi kuyamba kumfunira chipulumutso; ndipo chipulumutso cha wakuba chidzera m'kubweza zimene anaba. Kuno kwathu ku Malawi, lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linena kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Mkhristu amene apita kwa anyakwawa kapena ku bwalo la milandu kukafuna chilungamo sanaphwanye lamulo la chikondi, malinga ngati sakufuna kubwezera.

Apa ndilankhule ndi inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, amene mutsogolera mapemphero pamene wansembe palibe. Ndikupemphani, musamafulumire kuimiritsa anthu awiri pamaso pa mpingo kuti agwirane chanza pamene wolakwayo sanavomere nkomwe kulakwa kwake. Chanza chotero chikondweretsa oonerera, koma wolakwiridwayo apita kunyumba ali ndi mabala awiri. Ndiponso mayi amene akumenyedwa m'banja, kapena mwana amene wachitidwa zoipa, musamuuze kuti akhale chete m'dzina la kukhululuka, yambani mwamtchinjiriza. Pa Mateyo 5:23-24, amene alamulidwa kusiya nsembe yake pa guwa ndi kupita kukayanjana ndi mbale wake ndi uja amene mbale wakeyo ali naye chifukwa. Ulendo woyamba ndi wa wolakwa. Ife ansembe, ndivomere, kawirikawiri tapeza kuti nkwapafupi kulalikira kukhululuka kwa amasiye kusiyana ndi kulalikira kubweza kwa okhala pa benchi la kutsogolo.

Mayi aja ndinawauza kuti: "Mayi, simunachimwe poopa kunamiza Mulungu. Koma musaime pomwepo. Madzulo alionse, mukamaliza kupempha chifundo pa zolakwa zanu, mutchule dzina la alamu anu, dzina lokha, nkulisiya m'manja mwa Mulungu. Zina zonse adziwa ndi Iye." Sabata loyamba zinawakanika. Pambuyo pake anayamba kulitchula, ati poyamba linkawawa pakamwa ngati mankhwala a malungo. Nkhani ya katundu tinaitengera kwa anyakwawa. Dimba linabwezedwa, koma mbuzi ndi malata zinali zitagulitsidwa kale. Alamu aja sanapepese mpaka tsiku limene ine ndinasamuka pa parishipo.

Tsiku lotsazikana, mayiwo anabwera ndi nkhuku m'manja, nandiuza kuti: "Bambo, mau aja tsopano ndimawanena. Koma ndimawanena pang'onopang'ono, mwakuti anzanga amafika ku Amen ine ndikali pomwepo."