Khomani nokha ngolo yokankha ya mawilo a njinga

Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikafika kwa Kaphuka m'boma la Dedza, alimi ambiri amagulitsira mbewu yawo m'munda momwemo pa mtengo wolira. Sikuti sadziwa kuti ku msewu wa M1 kapena pa Linthipe mtengo umakhala wabwinopo. Vuto ndi mayendedwe. Ngolo ya ng'ombe ndi yodula, wilibala imatopetsa mikono, ndipo mayi sangathe kututa munda wonse pamutu. Vuto lomweli ndi limene limachititsa kuti manyowa aziwolera kukhola pamene chimanga chikuchita chikasu kumunda.

Pali njira ina imene mlimi angathe kuikwanitsa: ngolo yokankha ndi manja, ya matabwa ndi mawilo awiri a njinga. Ngolo ya mtundu uwu inakhomedwa ku Livingstonia m'chaka cha 2000 motsogozedwa ndi a Arnold Wendroff a ku America, ndipo inatchedwa Malawi Cart. Ubwino wake ndi wakuti siifuna kuwotcherera. Kalipentala wa pamudzi akhoza kuikhoma, ndipo wilo likawonongeka, wokonza njinga wa pa msika uliwonse amalidziwa.

Taganizani za tani imodzi ya manyowa. Wosenza dengu la makilogalamu 20 ayenera kuyenda maulendo 50. Wokankha ngolo ya makilogalamu 100 ayenda maulendo 10 okha.

Zofunika

Pezani mawilo awiri a kumbuyo a njinga yaikulu ya mainchesi 28. A kumbuyo ndi abwino chifukwa ekisulo yake ndi yonenepa kuposa ya kutsogolo. Pezaninso matabwa anayi a mainchesi 2 kwa 3, otalika masentimita 120 lililonse, ndi ena awiri opingasa a masentimita 95. Pafunikanso mitengo iwiri ya zogwirira ya masentimita 130, matabwa opyapyala a bokosi, tizitsulo tinayi taphanthiphanthi, mabawuti, manati ndi mawashala.

Paini ndi wopepuka ndipo savuta kupeza kuno ku Dedza, koma musankhe wouma ndi wopanda mfundo zambiri. Bulugamu ndi wolimba, choncho ndi woyenera zogwirira, koma amang'ambika msanga. Muyambe mwaboola musanalowetse bawuti kapena msomali.

Kakhomedwe kake

Chinsinsi cha ngolo iyi ndi chimodzi: wilo lililonse ligwidwe mbali zonse ziwiri monga m'mene limakhalira pa njinga. Ekisulo ya njinga ikagwidwa mbali imodzi yokha imapindika tsiku lomwelo.

Yalani matabwa anayi aja pamalo osalala, awiri kumanja, awiri kumanzere. Pakati pa awiri aliwonse musiye mpata woti wilo lilowe. Mpatawu musaupeke m'mutu, yezani pa habu ya wilo lanulo. Matabwa awiri am'kati atalikirane masentimita 60. Tsopano mangani opingasa aja ndi mabawuti, lina kutsogolo, lina kumbuyo. Musanamange kolimba, yezani ndi chingwe kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anana nayo mopingasa, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyi ikasiyana, ngolo yanu idzayenda chankhanu ndipo matayala adzatha msanga.

Kenaka chekani kampata pa kachitsulo kalikonse koti ekisulo ilowemo, ndipo mutimange kunsi kwa matabwa anayiwo, tonse pa mzere umodzi. Mzerewu usakhale pakati penipeni. Usunthireni kutsogolo ndi masentimita 5 kuti katundu azilemera pang'ono chakumanja kwa wokankha. Mukausunthira kumbuyo, zogwirira zizikutukulani. Mukaupititsa kutsogolo kwambiri, mwakhoma wilibala ina.

Bokosi likhale pamwamba pa matabwa awiri am'kati, lalitali masentimita 120, m'lifupi 60, ndipo makoma ake akwere masentimita 30. Thabwa la kutsogolo likhale lozula kuti muzikhuthula manyowa mosavuta. Zogwirira muzimange m'kati mwa makoma mopendeka, kuyambira pansi pakati pa bokosi kukwera chakumbuyo, mpaka zifike m'chiuno mwa amene azikankha kawirikawiri. Ngati ndi mayi a kunyumba, muyeze pa iwowo. Lumikizani nsonga zake ndi mtengo wopingasa.

Pomaliza ikani miyendo iwiri kumbuyo kwa bokosi, yofupikirapo pang'ono kuti isamakhudze pansi poyenda, ndipo kunsi kwake mukhomereko zidutswa za tayala lakutha la galimoto. Pakani matabwa onse oyilo wakutha kuti chiswe ndi mvula zisawawononge, koma m'kati mwa bokosi musapakemo chifukwa muzinyamuliramo chakudya.

Chenjezo kwa a kumapiri

Dera lathu ndi la zitunda, ndipo ngozi zambiri za ngolo zimachitika potsetsereka. Wokankha azikhala kumtunda kwa ngolo nthawi zonse, ndipo ana asamayende kutsogolo kwake. Ngolo ikayamba kukukokani, kanikizani zogwirira pansi kuti miyendo ija ikhule m'dothi. Ndiwo mabuleki anu. Pamalo otsetsereka kwambiri mangani chingwe kumbuyo kuti mnzanu azikoka, kapena chepetsani katundu. Mangani matumba kuti asaseserekere kutsogolo.

Wilo la njinga limapirira katundu wolemera kuchokera pamwamba, koma ndi lofooka likakankhidwa cham'mbali. Choncho musayende mopingasa phiri ngolo itadzaza, musakhote mothamanga, ndipo musadumphitse mizere. Imikani ngolo m'mphepete mwa munda, mbatata muzibweretsa pamenepo. Matumba awiri a makilogalamu 50 ndi katundu woyenera m'njira zathu. Matumba aatali osokerera amene mavenda amabwera nawo amaposa pamenepa, ndiye musakweze awiri nthawi imodzi.

Anzathu a kunyanja cha ku Mtakataka akhoza kunyamulirapo maukonde ndi mabeseni a usipa. Bwato losema musaliikepo, ndi lolemera kwambiri, ndiponso matayala opyapyala amatitimira mumchenga.

Kasamalidwe

Popani matayala musananyamuke, pakuti tayala lofewa limatsina chubu pa miyala. Sabata iliyonse gwirani masipoko, ndipo lomasuka kapena loduka mulikonze msanga lisanapinditse limu. Thirani girizi mu habu mvula isanayambe ndiponso ikatha. Mabawuti muwamangenso patatha mwezi, chifukwa thabwa likamauma limachepa. Ngolo izigona pakhonde kapena m'shedi, osati pamtetete.

Ngati ndalama za mawilo awiri zakukanikani panokha, sonkhani mabanja atatu kapena anayi, kapena kambiranani ku kalabu yanu, koma mugwirizane poyamba za amene azisunga ndi amene azilipira ikawonongeka. Nthawi yabwino yokhoma ndi chilimwe, matabwa ali ouma, kuti ngolo iyambe ndi kututa manyowa mvula isanagwe.