Mwaika injini ya dizilo m'galimoto yakale? Ntchito sinathe

Kuyambira mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, galimoto zakale za pikiapu zakhala zikugwira ntchito yaikulu m'madera a Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Ndizo zimatuta feteleza, kunyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, ndipo tsiku la msika zimasanduka matola. Injini ya petulo ikatopa, eni ake ambiri amaichotsa n'kuikamo ya dizilo yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan, monga 2L kapena 3L za Toyota, poona kuti injini ya dizilo imakoka katundu bwino ndipo siimwa mafuta ambiri.

Maganizowo ndi abwino. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Galimotoyo inapangidwira injini ya petulo. Mawaya ake, batire, mabuleki ndi chiwongolero zonse anaziyezera pa injini yopepuka ija. Choncho makaniko akaliza injini yatsopano pagalaja n'kunena kuti ntchito yatha, dziwani kuti yangofika pakati. Zotsalazo ndi zomwe zimagonetsa mabelo panjira kapena kugwetsera anthu m'ngalande. Zambiri mwa izo mlimi angathe kuziona yekha, ndipo nzeru yake ndi kuyamba ndi zotsika mtengo musanathamangire kugula zipangizo zatsopano.

Injini ikamazungulira mwaulesi

Injini ya petulo yakale imapanikiza mpweya ka 8 kapena ka 9, pamene ya dizilo monga 2L imaupanikiza pafupifupi ka 22. Ichi n'chifukwa chake sitata ya dizilo imafuna magetsi ochuluka. Batire laling'ono lomwe linkaliza injini ya petulo silingakwanitse. Pamafunika lalikulu, monga N70, ndi mawaya onenepa ochokera kubatire kupita kusitata.

Koma musanaweruze batire, onani waya wa ethi, uja wolumikiza mutu wa batire wa chizindikiro chochotsera ndi chitsulo cha galimoto. Pochotsa injini yakale, waya wa ethi wa pakati pa injini ndi chasisi umamasulidwa, ndipo kawirikawiri umaiwalika kapena kumangidwa pamalo a penti ndi dzimbiri. Magetsi akasowa njira yobwerera amadzipezera okha, kudzera m'kebulo ya akiseleta kapena ya sipidomita, mpaka kebuloyo kutentha ndi kuuma.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani waya wonenepa wobwerekera moto, mulumikize mutu wochotsera wa batire ndi chitsulo cha injini, kenaka lizani. Ngati injini yazungulira mwamphamvu kusiyana ndi kale, vuto ndi ethi. Palani malowo mpaka chitsulo chiwale, mumange zolimba.

Ngati mungabwereke mita yoyezera magetsi, sungani manambala atatu awa. Batire lodzaza, injini ili chete, limaonetsa mavolti 12.6. Poliza, lisatsike kupitirira 10. Injini ikuyenda, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikaonetsa 12 yokha ndiye kuti batire silikulandira moto; ikafika 15 kapena kuposa, batire likuphikidwa ndipo mababu ayamba kupsa.

Kuvuta kulira m'mawa

Dizilo sayaka ndi moto wa mapulagi ngati petulo. Amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndipo injini ikazizira imadalira mahita, timapulagi tinayi totenthetsa m'kati mwake. Galimoto ya petulo inalibe mawaya a mahita, choncho makaniko amachita kuikira. Msika wa fodya umadutsa m'miyezi ya June ndi July, nthawi yomwe kumazizira kwambiri m'mamawa, ndipo ndi pamene hita yakufa imaonekera: injini imazungulira nthawi yaitali, ikalira imanjenjemera ndi kutulutsa utsi woyera.

Mahita amakoka magetsi ambiri, motero asadutsire m'loko ya kiyi, ingapse. Akhale ndi relay ndi fyuzi yawoyawo. Dziwaninso kuti mahita si ofanana onse. Ena ndi a mavolti 6 kapena 7, opangidwira kabokosi kowazimitsa kokha pakapita timasekondi. Oterewa mukawalumikiza kubatani lodina ndi chala amapsa msanga. Pa batani pamafunika a mavolti 11, ndipo kudina masekondi 10 n'kokwanira. Nambala ya mavolti imalembedwa pa hita yomweyo.

Injini yongozima, ndi yokana kuzima

Pa pampu ya dizilo pali kachipangizo kotchedwa solenoidi, komwe kamatsegula njira ya mafuta kakalandira magetsi ndi kutseka kiyi ikazimitsidwa. Amakaniko ambiri amakalumikiza kuwaya womwe unkapita kukoyilo ya injini ya petulo. Pa galimoto zambiri zakale waya umenewu umadutsa pa kachipangizo kochepetsa magetsi, moti umafikitsa mavolti osakwana 12. Zotsatira zake injini imalira lero, mawa n'kukana, kapena kuzima pabampu. Auzeni amakaniko atenge magetsi kachipangizoko kasanafike, ndipo aonetsetse kuti wayayo uli ndi moto ngakhale pamene kiyi ili poliza. Mukatsegula kiyi, tcherani khutu kupampu: solenoidi yabwino imamveka kuti "ka".

Vuto lina ndi lotembenuka: mwazimitsa kiyi, mwaitulutsa, koma injini ikungolirabe. Apa sikuti galimoto yalodzedwa ayi. Magetsi a alitaneta akubwerera kudzera m'waya wa kanyali ka batire ka padeshibodi, n'kumadyetsa solenoidi kapena relay yake. Wa zamagetsi a galimoto amaika kachipangizo kotchedwa diode pawaya umenewo kuti magetsi aziyenda mbali imodzi, vutolo n'kutha. Musazolowere kuzimitsa injini ndi giya, mukupha kilatchi.

Alitaneta ndi mawotchi a padeshibodi

Galimoto zakale zinali ndi regyuleta yapadera, kabokosi komangidwa pambali pa injini. Ma alitaneta ambiri obwera ndi injini za dizilo ali ndi regyuleta m'kati. Kulumikiza ziwirizi pamodzi kumachititsa kuti batire lisalandire moto kapena lizitha usiku galimoto itaima. Funsani kuti alitaneta yanu ndi ya mtundu uti, ndipo ngati ili ndi yake, kabokosi kakale kachotsedwe m'njira.

Amene muli ndi malole ang'onoang'ono chenjerani ndi chinanso. Injini zambiri za Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf zochokera ku Japan zimabwera ndi sitata, alitaneta, mahita ndi solenoidi za mavolti 24. Ngati galimoto yanu ndi ya 12, zinthu zinayizi ziyenera kusinthidwa. Werengani zolembedwa pa sitata musanapereke ndalama.

Wotchi yoonetsa kutentha kwa injini imagwirizana ndi kachipangizo kake komwe kamamangidwa pa injini. Mukailumikiza ku ka injini ina, singano ikhoza kukhala pakati pamene madzi akuwira. Chotsani kachipangizo ka pa injini yakale kaikidwe pa yatsopano, kapena gulani wotchi yobwera ndi kake. Injini ya dizilo ikatenthetsa, hedi imang'aluka, ndipo mtengo wake ungadye phindu la mabelo angapo.

Mabuleki olimba ngati mwala

Apa ndi pamene pali moyo wa anthu. Mabuleki a pikiapu zambiri amathandizidwa ndi busita, chitini chakuda chozungulira chomwe chili kuseri kwa pedulo. Busita imagwira ntchito ndi mpweya wokokedwa. Injini ya petulo imaukoka yokha, koma ya dizilo imadalira kapampu kapadera, komwe pa injini monga 2L ndi 3L kamakhala kumbuyo kwa alitaneta. Paipi ya busita ikapanda kulumikizidwa kukapampuka, kapena wina akaika alitaneta yopanda kapampu, pedulo imalimba ndipo galimoto yolemedwa siima msanga.

Yesani motere. Injini ili chete, pondani buleki kasanu. Mukadali chipondere, lizani injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Ikapanda kutsika, galimotoyo isanyamule munthu kapena belo mpaka itakonzedwa. Kumbukiraninso kuti lamba wa alitaneta akaduka panjira, thandizo la mabuleki limatha naye limodzi.

Chiwongolero cholemera kapena chosewera

Injini ya dizilo ndi yolemera kuposa ya petulo, ndipo batire lalikulu lija likuonjezeranso. Kulemera konseku kumatsikira pa masipuling'i akutsogolo omwe atopa kale. Mphuno ya galimoto ikatsika, matayala amasintha kaimidwe, chiwongolero chimalemera, galimoto imakokera mbali imodzi ndipo matayala amadyeka m'mphepete. Masipuling'i akonzedwe kapena kukwezedwa kaye, kenaka galimoto ipite kukapimitsa alayimenti. Kupimitsa musanakonze masipuling'i n'kutaya ndalama.

Chachiwiri, ikani galimoto pa jeke ndi zochirikiza zolimba, matayala onse akutsogolo akhale m'mwamba. Wina apotoze chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, inu mukuyang'ana kunsi. Sampu ya injini yatsopano, chitini chosunga oyilo chija, nthawi zina imakhala pomwe pamadutsa ndodo za chiwongolero. Mukaona pamalo powala pomwe zitsulo zakhala zikukhulana, dziwani kuti pa msewu wa mabampu, galimoto italemedwa, ndodoyo ingakodwe chiwongolero n'kukana kutembenuka. Mankhwala ake ndi kusintha sampu kapena kukweza zomangira injini. Musalole munthu kutenthetsa ndodo ya chiwongolero ndi moto kuti aipinde, kapena kuidula n'kuiwotcherera. Chitsulo chotere chimathyoka mosachenjeza.

Chachitatu, galimoto itatsika pansi, matayala atalunjika, gwedezani chiwongolero pang'onopang'ono. Chisasewere kupitirira masentimita 3 matayala asanayambe kusuntha. Chikapitirira, onani mabolojointi, mitu ya ndodo zija ndi mabawuti omanga bokosi la chiwongolero ku chasisi. Misewu yafumbi ya m'midzi yozungulira Kabudula ndi Nambuma, pamodzi ndi kunjenjemera kwa dizilo, zimamasula mabawuti amenewa ndi kung'amba chasisi pomwe bokosilo lakhala. Pukutani matope muone ngati palibe mng'alu. Onaninso kuti paipi ya utsi sikudutsa pafupi ndi bokosilo kapena ndi mapaipi a mabuleki.

Ngati galimoto ili ndi pampu yofewetsa chiwongolero ndipo ikulira mukamakhota, onani lamba ndi mafuta ake. Pa Toyota zakale mumathiridwa mafuta ofiira a ATF, osati a mabuleki. Mafuta akachita thovu ndiye kuti mwalowa mpweya. Ikani pa jeke, potozani chiwongolero uku ndi uku kangapo mpaka thovu lithe, kenaka onjezerani mafuta.

Musanapite ku Kanengo

Nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto. Mukasintha injini, sungani lisiti yogulira ndipo pitani nayo ku ofesi ya Road Traffic ku Lilongwe kuti mapepala agwirizane ndi injini yomwe ili m'galimoto. Mukapanda kutero mudzavutika pokatenga COF ndi pogulitsa galimotoyo.

Pogwirizana mtengo ndi makaniko, nenani poyambirira kuti ndalama yomaliza idzaperekedwa galimoto ikalira yokha m'mawa kuli kozizira, ikazima ndi kiyi, ndiponso ikayesedwa ili ndi katundu pa msewu wafumbi, osati pa tala wa ku Mchinji pokha. Ntchitoyi ichitike fodya akadali m'zigafa, kuti zofooka zionekere galimoto ili pafupi ndi kwanu. Mukatha sabata yoyamba, bwerezani kumanga mabawuti a injini, a chiwongolero ndi a waya wa ethi, chifukwa ndi m'masiku oyambawo pamene amamasuka.