Chikalata chomwe chimatsegula thumba la mapaki ku America

Mu 2009 timu ya baseball ya New York Yankees inayamba kusewerera m'bwalo latsopano m'dera la Bronx. Bwalolo linamangidwa pamalo omwe kale anali mbali ya paki ya Macombs Dam, kumene ana a m'deralo ankathamanga ndi kusewera mpira. Akuluakulu a mzinda sakanangotenga malowo n'kukhala chete. Pakiyo inali italandirapo ndalama kuchokera ku thumba la boma lalikulu lotchedwa Land and Water Conservation Fund, ndipo lamulo la thumbalo limati malo otere sangasinthidwe ntchito pokhapokha nduna yoyang'anira malo a boma itavomereza, komanso pataperekedwa malo ena ofanana nawo mtengo ndi phindu. Ndiye pomwe panali bwalo lakale la timuyo panakonzedwa mabwalo a aliyense otchedwa Heritage Field, omwe anatsegulidwa mu 2012. Anthu a m'deralo anadandaula kuti anadikira nthawi yaitali, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Koma lamulolo linawapatsa pogwira.

Thumbali linabadwa ndi lamulo lomwe Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina mu 1964, kutsatira lipoti la 1962 la komiti yomwe ankatsogolera Laurance Rockefeller. Ndalama zake zambiri zimachokera ku zomwe makampani amalipira boma popopa mafuta ndi gasi pansi pa nyanja yamchere. Ganizo lake ndi lakuti chuma chomwe chikutha pansi pa nyanja chisiye nkhalango, magombe ndi mabwalo pamtunda. Kwa zaka zambiri nyumba ya malamulo ya Congress inkapereka ndalama zochepa kuposa madola 900 miliyoni omwe analonjezedwa pa chaka, mpaka lamulo la Great American Outdoors Act la 2020 linakhazikitsa kuti ndalamazo ziziperekedwa zonse chaka chilichonse.

Ndalamazi sizigawidwa chisawawa. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo chikafuna gawo lake, chimayenera kulemba ndondomeko ya malo osangalalira panja ya chigawo chonse, yomwe imadziwika ndi dzina lachidule lakuti SCORP, ndipo chimailembanso pakatha zaka zisanu zilizonse. Chigawo chopanda ndondomeko yovomerezeka sichilandira ndalama zogulira malo kapena zomangira mapaki.

Nthawi zambiri ntchito yolemba imakhala m'manja mwa nthambi yoona za mapaki m'chigawocho. Ku Colorado, mwachitsanzo, imagwiridwa ndi Colorado Parks and Wildlife. Akatswiri amayamba ndi kuwerenga zomwe zilipo kale: mapaki, njira za oyenda pansi ndi apanjinga, madoko a mabwato, malo ogona m'matenti, maiwe osambira. Kenako amafunsa anthu zomwe amachita ndi zomwe akusowa, kudzera m'mafunso apaintaneti, makalata ndi misonkhano. Kutsatira lamulo la 1986, ndondomekoyi imayeneranso kukhala ndi gawo lokamba za madambo ofunika kutetezedwa. Bwanamkubwa wa chigawo amatsimikiza kuti anthu anapatsidwa mpata wokwanira wolankhulapo, ndipo pomaliza nthambi ya National Park Service imaunika chikalatacho ndi kuchivomereza.

Apa m'pamene nkhani imafika pakhomo pa munthu wamba. Khonsolo ya tauni ikafuna kumanga bwalo la ana kapena kugula gombe, imalemba pempho ku chigawo, ndipo mapempho onse amapikisana poyera, kupatsidwa mapointi molingana ndi zomwe ndondomeko ija inaika patsogolo. Ngati anthu ananena kuti akusowa njira za njinga, pempho la njira ya njinga limakwera pamwamba. Thumba limalipira zosapitirira theka la mtengo wa ntchitoyo. Theka linalo khonsolo kapena chigawo chipeze chokha. Mwa njira imeneyi ntchito zoposa 40,000 zathandizidwa m'dziko lonselo, kuyambira timabwalo ta m'matauni ang'onoang'ono mpaka Gas Works Park ya ku Seattle, yomwe inakonzedwa pamalo a fakitale yakale ya gasi.

Dongosololi lili ndi polowera mphepo. Lamulo la theka ndi theka limakomera makhonsolo olemera, omwe ali ndi ndalama komanso antchito odziwa kulemba mapempho. Madera osauka, omwe ana ake ndiwo akusewerera mumsewu, amatsalira. Nawo mafunso amayankhidwa kwambiri ndi anthu omwe amapita kale kumapaki, pamene mayi wogwira ntchito ziwiri, kapena wobwera kumene yemwe Chingelezi chikumuvuta, samveka. Pofuna kuchepetsako vutoli, mu 2014 panakhazikitsidwa pologalamu ya Outdoor Recreation Legacy Partnership yolunjika kumadera osowa a m'mizinda. Ndi sitepe yabwino, koma siinathetse mavuto onse.

Nzika yokhala ku Texas, Indiana kapena chigawo china chilichonse ili ndi ufulu wowerenga SCORP ya kwawo, chifukwa zikalatazi zimaikidwa poyera pa intaneti. Ikamva kuti ndondomeko yatsopano ikulembedwa, iyankhe mafunsowo ndi kupita kumsonkhano, chifukwa zomwe zidzalembedwemo ndizo zidzatsogolera kagawidwe ka ndalama kwa zaka zisanu zotsatira.