Madokotala a mawa akuphunzira kwa odwala a ku Mbare

Usiku uliwonse malole odzaza matimati, kabichi ndi anyezi amafika pa msika wa Mbare Musika mumzinda wa Harare kuchokera ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava. Mlimi akadwala kwambiri ali pamsikapo, kapena mayi akavutika pobereka ku chipatala cha amayi cha Edith Opperman, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe, chomwe kale chinkatchedwa Harare Central. Mwa anthu amene amamulandira kumeneko mumakhalanso ophunzira zaudokotala a pa University of Zimbabwe.

Sukulu ya zaudokotala ya yunivesiteyi inatsegulidwa mu 1963. Ophunzira akatha zaka zoyamba za m'kalasi amalowa m'mawodi a Sally Mugabe ndi Parirenyatwa, ndipo amatumizidwanso ku zipatala za m'maboma akumidzi. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ntchito yawo ndi kufunsa wodwala mmene matenda anayambira, kumuyeza, kutenga magazi ndi kuthandiza pochiritsa amayi, zonsezi moyang'aniridwa ndi madokotala komanso anamwino. Saloledwa kulemba mankhwala paokha. Koma poti amakhala ndi nthawi yomvetsera, amatha kutulukira zomwe dokotala wotanganidwa sakanazimva, monga kuti wodwala analeka kumwa mankhwala a TB chifukwa chosowa chakudya.

Dera la Mbare lili ndi zambiri zowaphunzitsa. Kuthithikana kwa anthu m'nyumba zosanja za Matapi, kuphulika kwa mapaipi a zonyansa ndi kusowa kwa madzi aukhondo zinachititsa kuti matenda a tayifodi abuke m'derali mu 2017. Mliri wa kolera wa mu 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe, ndipo kumapeto kwa 2008 sukulu ya zaudokotalayi inatsekedwa kwa kanthawi chifukwa zipatala zophunziriramo zinali zitaima. Chipatala chikagwa, maphunziro a madokotala a mawa amagwa nacho limodzi.

Chilankhulo nacho ndi nkhani. Ku Mbare kuli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo agogo ena amafotokoza bwino ululu wawo m'Chichewa kusiyana ndi m'Chishona kapena m'Chingerezi.

Alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu a alimi ali ndi mbali yawo. Uzani anthu kuti wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati amene akumuyeza ndi wophunzira, ndiponso wokana popanda kumanidwa chithandizo. Akumbutseni kunyamula makhadi a kuchipatala ndi mankhwala omwe akumwa akamapita kukagulitsa mbewu kutali. Wodwala amene wavomera n'kufotokoza zonse mosabisa amathandizidwa msanga, komanso amakhala ataphunzitsa dokotala amene mawa adzachiza ana ake.