Akamakonza msika chigawochigawo, benchi yanu ikhala pati?

Wogulitsa tomato akauzidwa kuti asunthe kaye kwa miyezi ingapo kuti khonsolo ikonze malo, chimamudetsa nkhawa si fumbi kapena phokoso la mashini, koma makasitomala. Munthu wotsika minibasi madzulo sakhota kukafunafuna benchi yomwe yasamukira kuseri kwa mpanda wa malata. Amagula pomwe phazi lake likudutsa.

N'chifukwa chake sabata ino tikukutengerani ku Warwick Junction, pakati pa mzinda wa Durban ku South Africa. Pamalopa pamakumana siteshoni ya sitima, madepoti a basi ndi a minibasi, ndipo pamadutsa anthu oposa 400,000 patsiku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 panali pauve, podzaza komanso pochitika zaumbanda. Cha m'ma 1995 khonsolo idayamba ntchito yokonzapo, koma siidathamangitse mavenda kuti imange malo opanda anthu. Idatsegula ofesi pomwepo, m'nyumba yakale yosungiramo katundu, n'kumakonza chigawo chimodzi pakamodzi, pokambirana ndi eni malonda a chigawocho.

Ogulitsa mankhwala azitsamba ankayala katundu wawo m'mbali mwa msewu, ambiri n'kumagona pomwepo kulondera. Pafupi padali msewu wam'mwamba womwe udasiyidwa osamalizidwa. Msewuwo udasandutsidwa msika wawo, wokhala ndi denga, madzi ndi zimbudzi, wotseka usiku, ndipo adaulumikiza ndi milatho ya oyenda pansi. Apa ndiye pagona nkhani: sadawakankhire pangodya, adawabweretsera njira yodutsa anthu.

Amayi ophika mitu ya ng'ombe nawo adali ndi vuto lawolawo. Ankaphikira pamoto m'mbali mwa msewu, mafuta n'kumatseka ngalande za mzinda. M'malo mowaletsa, adawamangira malo ophikira okhala ndi ngalande zokola mafutawo. Ku Brook Street denga lidamangidwa pang'onopang'ono, mogwirizana ndi Asilamu omwe amasonkhana chaka ndi chaka pamanda a Badsha Peer, ndipo masiku ena onse pansi pake ndi pamalonda.

Koma musaganize kuti zonse zidayenda myaa. Mu 2009, mpikisano wa World Cup uli pafupi, khonsolo yomweyo ya eThekwini idafuna kupereka malo a Early Morning Market, msika wa ndiwo zamasamba ndi zipatso wa mabenchi oposa 600, kuti pamangidwe nyumba yaikulu ya masitolo. Ulendo uno kukambirana kudachepa. Amalonda adakana kusamuka, adapita kukhoti mothandizidwa ndi a Legal Resources Centre, ndipo mu 2011 khonsolo idasiya ganizolo. Chidawapulumutsa n'chakuti adali ndi mabungwe awo okhazikika kale, oti akayankhula amayankhulira onse.

Kwathu kuno ntchito zokuza misewu ndi kukonza misika sizikusowa, ndipo mawu oti "musamuke kaye" mudzawamvabe. Poona za ku Durban, ine ndikuti tsiku la msonkhano musatume mnzanu. Pitani nokha, mukafunse kuti gawo loyamba liyambira pati, litha liti, ndipo oyenda pansi azidutsa kuti ntchito ili mkati. Funso lachitatuli ambiri amaliiwala, chonsecho ndi lomwe lidzakuuzeni ngati malo ongoyembekezerawo ali ndi ndalama kapena ayi.

Kalembera wa mayina achitike musanasunthe, komiti ya msika ikhale ndi kope lake, ndipo dzina lanu lilembedwe pamodzi ndi nambala ya benchi. Malisiti a chiphaso cha msika musakulungire mtedza. Sungani, chifukwa tsiku logawa malo atsopano pamatulukira anthu omwe simudawaonepo akugulitsa ngakhale singano.

Pa za mpamba, sabata ziwiri zoyamba pamalo atsopano pikulani zochepa, makamaka zoola msanga monga tomato, nthochi ndi masamba, kufikira mutadziwa kuti pakuyenda bwanji. Ngati muli pangongole ya banki m'khonde, auzeni anzanu za kusamukako kusanachitike, osati mutalephera kale kubweza. Makasitomala anu okhazikika, aja a malesitilanti ndi ogula mopikula, tengani manambala awo a foni lero, mudzawaimbire m'mawa wa tsiku losamuka kuwauza pomwe mwakhala.