Ulendo wa ku Dambo la Chilwa

Kum'maŵa kwa Zomba kuli nyanja ya Chilwa, yomwe m'mbali mwake muli dambo lalikulu la njedza. Aphunzitsi ena amapita ndi ana asukulu kumeneko kuti akadzionere okha zimene amaŵerenga m'mabuku.

Pofika, ana amayenda mwakachetechete, pakuti phokoso limaulutsa mbalame. Akadekha amaona akakowa, atsekwe ndi mbalame zina zothaŵa chisanu ku Ulaya.

Kodi njedzazo n'zantchito yanji? M'menemo ndimo mbalame zimamanga zisa, ndimonso matemba ndi milamba zimaswana. Nyanjayi imaphwa mvula ikasoŵa, monga mu 1968 ndi 1995. Madzi akabwerera, nsomba zimachulukanso ngati dambo lasamalika.

Tsono mukadzapitako, musadzatole mazira kapena kutentha njedza. Wotentha njedza amatentha ndiwo za maŵa.